Kupalasa njinga nokha kudutsa malire mutapuma pa ntchito: malangizo ochokera ku Chipata

Kuno ku Chipata njinga timaidziwa ngati khasu. M'mawa uliwonse imatsika m'mapiri itasenza matumba a makala, imalowa mu msika wa Kapata ndi madengu a tomato ndi repu, ndiponso imanyamula amayi opita ku sikelo pa kampando kakumbuyo. Achikulire amakumbukira nthawi imene fakitale ya Luangwa Industries inkapanga njinga za Eagle m'tauni momwe muno. Komabe munthu wa imvi akanena kuti akufuna kupalasa yekha kuchoka pakhomo pake, kudutsa malire a pa Mwami mpaka kukasamba m'manja m'nyanja ya Malawi, abale amayamba kunong'onezana kuti penshoni yamuzunguza mutu. Ine manong'onong'o amenewo ndinawamva nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndili ndi zaka 60, ndipo patapita zaka ziwiri ulendowo ndinauyenda ndithu. Zimene ndikulemba pano ndi dongosolo limene ndingapatse mnzanga aliyense wopuma pa ntchito amene ali ndi maganizo omwewa, ndipo lagona pa zinthu ziwiri: kusankha njinga imene mmisiri wa pansi pa mtengo wa mango angathe kuikonza, ndi kuvomera kupalasa mtunda waufupi tsiku lililonse.

Gawo loyamba: pitani kuchipatala musanapite kwa wogulitsa njinga

Uzani dokotala mosabisa kuti mukufuna kupalasa maola asanu kapena asanu ndi limodzi pa tsiku kwa milungu itatu kapena inayi, ndipo mupemphe kuti akuyezeni kuthamanga kwa magazi, shuga, mtima ndi maso. Ngati mumamwa mankhwala a BP, funsani ngati ali m'gulu la aja okodzetsa pafupipafupi, chifukwa mankhwala otere akakumana ndi dzuwa ndi thukuta amaumitsa thupi msanga, moti munthu amatha kuchita chizungulire ali pa chishalo. Wodwala shuga afunse mmene angasinthire kadyedwe ndi kamwedwe ka mankhwala, popeza shuga amatsika mosayembekezereka munthu akapalasa nthawi yaitali. Abambo amene amavutika pokodza atchule zimenezo popanda manyazi, pakuti chishalo chimakanikiza pamalo pomwepo.

Tengani mankhwala okwanira ulendo wonse ndi ena a milungu iwiri yapadera, muwasiye m'mapaketi awo, ndipo dokotala akulembereni kalata yotchula dzina la mankhwala alionse ndi kamwedwe kake. Khadi la inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA limagwira ntchito m'zipatala za muno mu Zambia, choncho kunja mudzafunika ndalama yoikira padera ya chipatala, kapena inshuwalansi ya apaulendo ngati thumba lilola.

Gawo lachiwiri: gwirizanani ndi a kunyumba

Akazi anga sanandiletse. Anangondifunsa funso limodzi akupeta mtedza: "Nanga mukakagwa kutchire uko, abambo, adzandiuza ndani?" Funso limeneli muliyankhe musananyamuke, ndipo yankho lake likhale pangano lomveka. Ife tinagwirizana kuti ndiziimba foni tsiku lililonse 6 koloko madzulo isanakwane, ndizitchula malo amene ndagona ndi kumene ndikulowera mawa, ndipo kuti akapita masiku awiri ndili zii, mwana wathu wamkulu ayambe kufufuza kuchokera pa malo omalizawo. Konzaninso za penshoni yanu, kaya ndi ya ku NAPSA kapena ya ogwira ntchito m'boma, kuti pasakhale pepala lofuna siginecha yanu inu muli kutali, ndipo ngati mumalima, nyamukani chimanga chitalowa m'nkhokwe.

Gawo lachitatu: njinga

Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Njinga zathu zakale za matayala a mainchesi 28, zopanda magiya, n'zolimba ndipo zipangizo zake zili paliponse, koma zimapha maondo pa chikweza chachitali. Njinga ya Buffalo imasenza katundu woposa amene mungafune, koma payokha ndi yolemera kale. Njinga zamakono zodula, za felemu ya aluminiyamu, matayala a 29 ndi mabuleki oyendera mafuta, zimakoma kupalasa mpaka tsiku limene chinthu chimodzi chawonongeka muli pakati pa Nkhotakota ndi Dwangwa, kumene tayala lotere simungalipeze ndipo felemu yotere palibe woiwotcherera.

Imene ndikulangizani ndi njinga ya m'mapiri yachikale, ya felemu yachitsulo, matayala a 26, magiya atatu kutsogolo ndi asanu ndi awiri kumbuyo, ndi mabuleki a waya ogwira pa limu. Zotere zimapezeka pa salaula, ndipo kawirikawiri imene yasuluka utoto koma felemu yake ndi yowongoka imaposa yatsopano yonyezimira yachitsulo chofewa. Poigula, yang'anani ming'alu pamene mapaipi a felemu akumanirana, zungulitsani mawilo kuti muone ngati sakuvina, ndipo muikwere: mwendo ukakhala pansi pa pedulo, bondo lipinde pang'ono chabe. Chishalo chotsika kwambiri ndicho chimabweretsa ululu wa m'maondo umene anthu amaunamizira ukalamba. Handulo ikwezeni kuti msana usawerame ngati wa wothamanga mpikisano, chifukwa khosi ndi manja a munthu wa zaka 60 sizipirira kuwerama kwa maola ambiri.

Mukagula, ipititseni kwa mmisiri amene mumamukhulupirira ndipo mukhale pomwepo pamene akugwira ntchito, kuti muphunzire. Asinthe tcheni, mawaya a mabuleki ndi a magiya, mphira za mabuleki ndi mabelingi onse, apake girizi watsopano, ndipo wilo lakumbuyo alimange mwatsopano ndi masipoko 36 olimba, popeza ndi lomwe lidzasenze inu ndi katundu yemwe. Yang'ananinso valavu ya machubu. Njinga zina zochokera kunja zimabwera ndi valavu yopyapyala imene mapampu a m'midzi saigwira; sinthani kuti mukhale ndi valavu imene pampu ya mnyamata aliyense wa m'mbali mwa msewu ingapope. Kaliyala ikhale yachitsulo, yomangidwa ndi mabawuti, osati ija yongopanikiza pa chitsulo cha chishalo.

Phindu la zonsezi ndinaliona nditangodutsa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa. Ndinamva kuti "thwa" kumbuyo, kenaka kachiwiri, ndipo wilo linayamba kukhudza buleki pa kuzungulira kulikonse. Masipoko awiri anali atathyoka mbali ya magiya, kumene munthu sangasinthe popanda kuchotsa magiyawo. Ndinakankha njinga mtunda wosakwana kilomita, n'kupeza mnyamata atapachika matayala akale pa nthambi ya mango, zida zake zili m'kachitini ka mafuta ophikira. Anaitembenuza njinga miyendo m'mwamba, anamasula magiya ndi kachitsulo kosongoka ndi hamala, analowetsa masipoko amene ndinanyamula, n'kuwongola limu pogwiritsa chala chake chachikulu ngati muyeso. Ola lisanathe ndinali pa msewu, ndipo anandilipiritsa ndalama yosafika mtengo wa mbale ya nsima ya usipa. Njinga ikanakhala ya mawilo achilendo, ulendo ukanathera pamenepo.

Gawo lachinayi: miyezi itatu yozolowetsa thupi

Yambani ndi makilomita 10 katatu pa mlungu, ndipo muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka mutatha kupita ku Mwami ndi kubwerako, ulendo woposa makilomita 40, osagona tsiku lonse lotsatira. M'mwezi wachiwiri yambani kumangirira katundu, ngakhale zigubu za madzi, chifukwa njinga yolemedwa imakhota ndi kuima mosiyana kwambiri ndi yopanda kanthu. Phunzirani kupalasa ndi giya yopepuka miyendo ikuzungulira mofulumira, m'malo mokankha giya yolemera ndi mphamvu. Chikweza chikakula, tsikani mukankhe; ogulitsa makala amachita zimenezo m'mawa uliwonse ndipo palibe amawaseka.

Mayeso omaliza akhale ulendo wa ku Katete, pafupifupi makilomita 90, mutanyamula zonse zimene mudzanyamule pa ulendo weniweni. Mugone kumeneko kapena panjira, m'mawa mubwerere. Tsiku lachiwirilo ndi lomwe lidzakuuzeni zoona za chishalo chanu, ndipo chilichonse chimene simunachigwiritse ntchito pa masiku awiriwo, kupatula mankhwala ndi zida zokonzera njinga, chitsale kunyumba.

Gawo lachisanu: njira ndi nyengo

Ulendo woyamba ukhale wozungulira m'dziko la Malawi, kumene chilankhulo, chakudya ndi ulemu n'zathu zomwe, moti malire amakhala nkhani ya mapepala basi. Njira imene ndikuiyamikira ndi iyi. Kuchoka ku Chipata mulowere pa Mwami ndi Mchinji, mutsate msewu wa M12 kudzera pa Kamwendo ndi Namitete mpaka ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera pa Mchinji. Kuchoka apo mutenge M14 wopita ku Salima, makilomita ngati 100, umene umakwera ndi kutsika m'mapiri a ku Dowa usanagwere kuchigwa cha nyanja. Kenaka mutsate M5 wa m'mbali mwa nyanja kulowera kumpoto, kudzera ku Nkhotakota ndi Dwangwa mpaka ku Nkhata Bay, mukwere kupita ku Mzuzu, mutembenukire kummwera pa M1 kudutsa m'nkhalango ya Chikangawa mpaka pa Jenda, mulowenso m'dziko lathu pa malire a Lusuntha, mufike ku Lundazi, n'kutsiriza ndi makilomita pafupifupi 180 obwerera ku Chipata. Zonse pamodzi zikuyandikira makilomita 1,000. Mukamapalasa makilomita 50 mpaka 70 pa tsiku, n'kumapuma tsiku lachinayi lililonse, ndi ulendo wa milungu itatu ndi masiku angapo.

Pali chifukwa chozungulirira mbali imeneyi. M'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pa nyanja pamaomba mphepo ya mwera yochokera kummwera, ndipo wopalasa kulowera kumpoto imamukankha kumsana, pamene wobwera kuchokera ku Nkhata Bay amalimbana nayo tsiku lonse. Miyezi yomweyi ndiyo yabwino pa zonse: mvula yatha, milatho ya m'mbali mwa nyanja imene imavutika ndi madzi osefukira m'dzinja imakhala ikudutsika, udzudzu wachepa, ndipo m'midzi muli mbatata, mtedza ndi nzimbe. Okutobala ndi Novembala musayerekeze, makamaka kunyanja.

Malo awiri muwalemekeze. Chipata ili pamwamba pa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500, ndipo zimene mudzatsike mosangalala popita ku Salima mudzazibweza pa tsiku limodzi pakati pa Nkhata Bay ndi Mzuzu, kumene msewu wosakwana makilomita 50 umakwera mpaka kupitirira mamita 1,200. Mtunda umenewu muupatse tsiku lathunthu, ndipo dzulo lake mupume. Malo achiwiri ndi Chikangawa, kumene mu Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri, nkhungu imaphimba msewu m'mawa, magolosale ndi otalikirana, ndipo malole a matabwa amatulukira mwadzidzidzi pa makona. Nyamulani chakudya cha tsiku lonse ndi juzi yochindikala, ndipo musanyamuke nkhungu isanayere. Mukafika pa Jenda funsani oyendetsa galimoto za mmene msewu wa ku Lusuntha ulili mlungu umenewo.

Tanzania ndi Mozambique zisiyeni zidikire ulendo wachiwiri. Wofuna Tanzania amapitirira kuchoka ku Mzuzu, kutsika phiri la Chiweta, kudutsa Karonga n'kuwoloka pa Songwe, kumene ayenera kupititsa wotchi patsogolo ndi ola limodzi, kuyamba kulankhula Chiswahili ndi kukwera mapiri a tiyi ndi nthochi a ku Tukuyu. Wofuna Mozambique amadzera ku Katete ndi pa Chanida kulowa ku Cassacatiza, ndipo ngakhale Achewa a kumeneko ndi omwe timakumana nawo ku Mkaika pa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti, midzi ya m'mbali mwa msewu wa ku Tete ndi yotalikirana, kutentha kumakula pamene mukutsikira ku Zambezi, ndipo m'maofesi amalankhula Chipwitikizi.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: mapepala ndi kawolokedwe ka malire

Ife a kuno tinazolowera malire odutsa pakati pa minda, moti ambiri amapita kumaliro kapena kumsika tsidya linalo kudzera m'tinjira ta m'midzi popanda pepala lililonse. Chizolowezi chimenechi muchisiye kunyumba. Wolowa m'dziko la eni popanda chidindo cholowera amakhala wolakwa pa chotchinga chilichonse cha apolisi, ndipo pofuna kutuluka amasowa chonena. Chiphaso chaching'ono chodutsira malire chimene amapereka kwa okhala pafupi ndi boda ndi cha maulendo afupi a masiku ochepa. Pa ulendo uno pakufunika pasipoti, yokhala ndi miyezi yosachepera isanu ndi umodzi isanathe ntchito ndiponso masamba opanda chidindo. Mzika ya Zambia sifuna viza pokacheza ku Malawi. Ngati muli ndi khadi lachikasu la katemera, linyamuleni pamodzi ndi pasipoti, makamaka ngati mukulinga ku Tanzania.

Jambulitsani tsamba loyamba la pasipoti ndi chitupa chanu cha NRC, kope imodzi musiye kunyumba, ina muike m'chikwama china, ndipo chithunzi chake chikhale mu foni. Nyamulaninso lisiti ya njinga, ndipo mulembe penapake nambala ya felemu, imene kawirikawiri imadindidwa kunsi kwa pamene pamazungulira mapedulo. Munthu wachikulire wa njinga yooneka yachilendo amatha kufunsidwa kuti waitenga kuti, ndipo kapepala kamodzi kamathetsa nkhaniyo.

Kuyambira kumapeto kwa chaka cha 2022, pamene a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera anatsegulira malo atsopano a Mwami ndi Mchinji, woyenda amaima malo amodzi n'kulandira zidindo zonse ziwiri, chotulukira ndi cholowera. Fikani m'mawa mabasi asanachuluke. Kokani njinga mpaka pafupi ndi khomo, muikhome ndi loko pamalo ooneka ndi mlonda, ndipo kachikwama kokhala ndi pasipoti, ndalama ndi foni mulowe nako. Anyamata ofuna kukuthandizani muwathokoze mwaulemu n'kupitirira, chifukwa palibe chimene angachite chimene simungachite nokha. Wa pa windo akafunsa kumene mukupita, tchulani malo enieni amene mukagone usiku woyamba, ndipo akafunsa masiku, nenani ochulukirapo kuposa amene mwawerengera, popeza mphepo, matenda kapena maliro a panjira zitha kukuchedwetsani.

Musanachoke pa windo, valani magalasi anu muwerenge chidindo. Ine pa malire ena ndinanena mwamwayi kuti ndikhala "milungu iwiri kapena kuposerapo", wodinda analemba masiku 14 monga ndinanenera, ndipo ndinazindikira zimenezo patapita mlungu ndili kutali. Kulakwa kunali kwanga, ndipo kunandidyera tsiku lathunthu ndikufunafuna ofesi yoona za olowa ndi otuluka kuti andiwonjezere masiku. Malire ang'onoang'ono ngati a Lusuntha amatseka madzulo, choncho konzani kuti mufikepo dzuwa likadali pamutu.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: ndalama ndi foni

Ndalama za maiko awiriwa zonse ndi kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana kutali, ndipo ife amene tinazolowera kwacha yochotsedwa maziro atatu mu 2013 timasokonezeka tikamva mtengo wa chipinda ukutchulidwa m'masauzande ambirimbiri. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, choncho mitengo imene mnzanu anakuuzani chaka chatha musaidalire; funsani mtengo wosinthira wa tsiku lomwelo musanafike pa boda. Sinthani ndalama ku banki kapena ku malo ovomerezeka ndipo musunge lisiti. Osintha a m'mbali mwa msewu amawerenga mofulumira dala, ndipo maso a munthu wotopa sangapikisane ndi zala zawo.

Gawani ndalama m'malo atatu: zochepa za tsikulo m'thumba, zambiri m'kalamba ka m'chiuno pansi pa malaya, ndi zina zobisika m'chikwama cha zida. Uzani banki yanu kuti khadi mukaligwiritsa ntchito kunja, ndipo mutape ndalama m'matauni akuluakulu monga Lilongwe, Salima ndi Mzuzu, chifukwa pakati pake makina sapezeka kawirikawiri. Mukangofika pa Mchinji gulani layini ya Airtel kapena TNM, imene adzakulembetsani ndi pasipoti, ndipo nambala yatsopanoyo muitumize kunyumba nthawi yomweyo. Koperani mapu a njira yonse mu foni mukadali ndi intaneti, koma mulembenso m'kabuku maina a malo ogona ndi manambala a abale, pakuti foni imagwa ndipo magetsi amathima. Batire lapadera lotchajira foni ndi lofunika kuposa tochi yaikulu.

Gawo lachisanu ndi chitatu: katundu

Katundu yense, osawerengera madzi, asapitirire makilogalamu 15. Zikwama ziwiri zolendewera m'mbali mwa kaliyala zimasunga njinga mowongoka kuposa mtolo umodzi wautali pamwamba. Telala wa matenti angakusokereni, ndipo ena amadula zigubu ziwiri za mafuta ophikira n'kuzimangirira ndi mabawuti, zomwe sizilowa madzi. Zolemera zikhale pansi, ndipo mbali zonse zilemere mofanana.

Pa zida, tengani pampu, machubu awiri, zigamba ndi guluu wake, zotsegulira tayala, masipoko asanu ndi limodzi a muyeso wa wilo lanu pamodzi ndi kasipanala kake, waya wa buleki ndi wa giya, mphira za mabuleki, timakiyi ta Allen, sipanala yosinthika, kabotolo ka oyilo wa tcheni ndi malegeni angapo, omwe amamanga chilichonse. Pa zovala, awiriawiri akukwana: chovala lero chichapidwe madzulo. Wonjezerani juzi, chovala chonyezimira chooneka patali, chipewa cholimba choteteza mutu, neti ya udzudzu yanuyanu, ndi chitenje chimodzi, chimene chimakhala chofunda, chopukutira ndi choyala pansi. Mafuta a Vaseline opaka m'ntchafu m'mawa uliwonse amateteza kusupuka, kumene kumathetsa maulendo ambiri kuposa kutopa.

Gawo lachisanu ndi chinayi: tsiku la pa msewu

Nyamukani kukangoyera ndipo mutsirize kupalasa cha m'ma 1 kapena 2 koloko masana, kuti mukhale ndi nthawi yopeza malo, kuchapa, kuyang'ana njinga ndi kupumitsa miyendo. Usiku musapalase ngakhale malo amene mumafuna atatsala makilomita 5 okha. Maiko onse anayi amene ndatchula amayendera kumanzere, choncho galasi loonera kumbuyo mulimange ku dzanja lamanja. Misewu yambiri ndi yopapatiza ndipo m'mphepete mwa phula munadyeka, moti lamulo langa linali lakuti ndikaona lole kutsogolo ndi ina m'galasi, ndimatsika pa phula n'kuima, osadikira hutala. Pa mitsetse italiitali gwirani mabuleki mosinthanasinthana ndi kuima kuti malimu azizire.

Imwani madzi musanamve ludzu, pang'onopang'ono, malita anayi kapena asanu pa tsiku lotentha, ndipo mkodzo ukayamba kuda dziwani kuti mwachedwa kale. Tungani pa mjigo, ndipo madzi alionse okayikitsa muthiremo klorini, pokumbukira kuti kolera amene anavuta ku Malawi mu 2022 ndi 2023 anafala kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Mukatuluka thukuta kwambiri kapena mukatsegula m'mimba, sungunulani masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino, muzimwa pang'onopang'ono. Idyani kanthu maola awiri alionse, nthochi, mbatata yootcha, mtedza kapena zitumbuwa, ndipo nsima yaikulu muisungire madzulo, chifukwa ya masana imagonetsa miyendo. Ku Nkhata Bay mudzapeza kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa. Yambani ndi mbamu yaing'ono ngati m'mimba mwanu simunaizolowere.

Mukaona masamba atayalidwa pa msewu, tsikani, vulani chipewa ndipo mukoke njinga mpaka mutadutsa pa siwa, monga timachitira kwathu. Mukakumana ndi gule, patukani, ponyani kangachepe pansi ndipo foni ikhale m'thumba. Ana adzakuthamangirani akufuula kuti "agogo, agogo", ndipo a kabaza adzafuna kupikisana nanu. Apatseni moni ndipo muwaleke apite.

Pa malo ambiri a malonda pali nyumba zogona alendo zotsika mtengo. Onani chipinda musanalipire, yesani loko wa chitseko, ndipo njinga mulowe nayo m'chipinda ngakhale mwini nyumba atakutsimikizirani kuti panja pali mlonda. Kukakuderani pamudzi, musamange tenti kutchire mobisala, chifukwa mlendo wobisala amaoneka ngati wakuba kapena woposa apo. Funsani kwa amfumu, mukhale pansi, mulonjerane mokwanira, mufotokoze kumene mwachokera ndi kumene mukupita, muonetse pasipoti, ndipo iwo adzakuuzani pogona. M'mawa siyani paketi ya shuga kapena sopo.

Gawo lomaliza: zikavuta, ndi pobwerera

Kupweteka kwa pachifuwa, kubanika kosatha mutapuma, dzanzi la mbali imodzi ya thupi kapena kusokonezeka mutu ndi zizindikiro zoimitsa galimoto yoyamba kupita kuchipatala, njinga itsale kwa amfumu kapena pa golosale. Thupi likatentha, kayezetseni malungo tsiku lomwelo, musanene kuti ndi kutopa. Galu akakulumani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 ndipo mupite kukabayitsa katemera wa chiwewe osadikira. Pasipoti ikatayika, kanenani kupolisi yapafupi, mutenge kalata yawo, mupite nayo ku ofesi ya kazembe wa Zambia ku Lilongwe pamodzi ndi kope ija munajambulitsa. Ndipo tsiku limene miyendo yakana, kwezani njinga pa basi kapena pa lole ya matola. Ine ndinatero pa makilomita ena a ku Chikangawa kutagwa nkhungu yosayera mpaka masana, ndipo pokweza ndinachotsa zikwama ndi kuimirira pomwepo mpaka ataimanga mbali ya magiya ili m'mwamba.

Pa Lusuntha onetsetsani kuti mwalandira zidindo zonse ziwiri, chotulukira ku Malawi ndi cholowera kwathu, ndipo kwacha ya Malawi yotsala muigwiritse ntchito musanawoloke. Masiku atatu a pakati pa Lundazi ndi Chipata ndi oopsa mwa njira yawoyawo, chifukwa mtima umakhala utafika kale kunyumba ndipo munthu amafuna kuphatikiza masiku awiri kukhala limodzi; sungani muyeso womwe uja wa makilomita 60. Mukafika, thupi likatentha m'milungu yotsatira kayezetseninso malungo, ndipo ngati munasamba m'nyanja, pitani kukayezetsa likodzo pakatha miyezi iwiri ngakhale musakumva kalikonse, n'kumuuza dokotala malo ndi masiku amene munalowa m'madzimo.